Tsiku Limene Ndinabisa Anthu 43 m'Chipinda Chimodzi ku Rathmines

Inu amene munaseka Loweruka lija kunyumba kwa Mai Zulu ku Ongar, kuno ku Dublin, mpaka wina kutsamwa ndi chinangwa, ndikukudziwani nonse, mayina anu ndi mabasi amene mumakwera. Lero ndalemba, chifukwa pakamwa mumandidula mawu. Amene akuti Mai a Tadala amanama akwere sitima ya Luas, atsike pothera penipeni ku Tallaght, afunse mayi woluka tsitsi wa ana awiri, adzanene zimenezo akundiyang'ana m'maso. Ndimuluka ulere, ndipo ndimukoka tsitsi mpaka avomere.

Zonse zinayamba ndi buku. Mwana wanga Tadala, nthawi imeneyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anabwereka ku laibulale buku la ana losimba za moyo wa mkulu wina wakale wa sekasi, chionetsero chija cha mu tenti yaikulu momwe njovu zimaima ndi mwendo umodzi ndipo anthu amayenda pa chingwe m'mwamba. Pachikuto panali mwiniwakeyo: chipewa chachitali ngati mtondo, jekete lofiira, ndodo m'manja, ndi kumwetulira kwa munthu amene wakugulitsa kale mbuzi yako yomwe. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, Chingerezi cha m'mabuku chimandiyenda ngati ngolo yophwa tayala, choncho Tadala ndiye ankandiwerengera ine ndikusita, ine n'kumasuzumira zithunzi.

Bukulo linkati mkuluyu anabadwa wosauka, koma ali wamng'ono anazindikira kuti anthu amakondwa kupusitsidwa, bola pakhale ng'oma ndi nyali. Ankatenga chinthu wamba, n'kuchipatsa dzina lalitali, n'kuchijambula pachikwangwani chachikulu kuposa chinthucho, anthu n'kuima pamzere kuyambira m'mawa. Ndipo bukulo silimudzudzula ayi, likumutamanda tsamba ndi tsamba, kumapeto kuli ngakhale funso loti ana ayankhe: mwaphunzirapo chiyani kwa munthu wolimbikira ameneyu? Mukumva? Munthu ananamiza mizinda yathunthu, amulembera buku la zithunzi, aphunzitsi akupatsa ana athu kuti atengere chitsanzo. Ine ndikanena zoona zokhazokha, inu mukutsamwa ndi chinangwa.

Tsamba limene Tadala ankalikonda linali la kagalimoto kakang'ono ngati bafa, m'menemo mukutuluka azisudzo opaka nkhope khumi ndi awiri. Mwanayo anangoti kukamwa yasa. Ine ndinaseka mpaka simbi inapsereza kolala ya bambo ake. Ine ndinakulira pa depoti ya Limbe ndi beseni la mandasi pamutu, ndipo maso anga anaphunzira kwa makondakitala, anthu amene amayang'ana minibasi yodzadza n'kuonamo malo a anthu asanu ndi thumba la makala. Ndinamuuza kuti kwathu kagalimoto kameneko sikanganyamuke, kondakitala akanati sikanadzaze. Tadala amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo anandiyankha kuti Mami, inu mumangonena zinthu. Sindinadziwe kuti sabata yomweyo adzaona ndi maso ake.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Rathmines, m'nyumba yakale ya njerwa zofiira, pamwamba penipeni, nsanjika yachitatu, masitepe okhotakhota. Chipinda chinali chimodzi: bedi apa, khitchini pakona, bafa loti ukalowa chakutsogolo umatuluka chambuyo. Mwininyumba tinkamutchula Achimakiyi, chifukwa ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno ndipo unkamumva asanaoneke, ngati mbuzi ya belu. Papepala limene tinasaina analemba momveka: anthu atatu basi, ine, bambo a Tadala ndi Tadala. Maphwando ayi, alendo ambiri ayi. Ndiye kunabadwa Mphatso, munthu wachinayi, amene papepala panalibe. Mimba ndinaibisa m'majekete a nyengo yozizira ngakhale mwezi wa Julaye, moti Achimakiyi ankaganiza kuti ife a ku Afirika timamva kuzizira kwambiri. Inu mukudziwa kufuna nyumba mu Dublin: pamzere anthu makumi asanu, onse ndi mafayilo m'manja, ndipo ukangotulukira ndi khanda kumsana amakuuza kuti pepani, yapita. Kuthamangitsidwa pamenepo, mu Novembala, ndi mwana wa masabata atatu, kunali kukagona m'hotela za boma, kuphika pa ketulo.

Za kubadwa kwa Mphatso ndinauza anthu awiri okha, ndikulumbira, ndipo onse ndinawauza kuti asauze munthu. Loweruka lotsatira, bambo a Tadala ali ku ntchito kunyumba yosamalira okalamba, belu linayamba kulira leveni koloko m'mawa. Anayamba ndi Mai Zulu, nesi wa ku Chipata, mayi wa thupi lodalitsika, atanyamula mphika wa nkhuku. Kenaka Bambo Gondwe, wophunzira za nthaka ku yunivesite, wamtali ngati bulugamu, atagwira paketi ya matewera ngati satifiketi. Kenaka a mpingo, kenaka akwawo a a mpingo, kenaka anthu amene anangomva m'basi kuti kwinakwake kwabadwa mwana wachimalawi. Nanga munthu wabwera kudzaona mwana, wakwera mabasi awiri m'mvula, wagwira sopo m'manja, ungamubweze pakhomo? Mayi ako kumudzi angamve tsiku lomwelo, asanagone. Pofika fili koloko tinalimo anthu 19, ena atakhala pa bedi, ena pa anzawo, mwana akuyenda m'manja ngati mbale ya chopereka.

Pamenepo foni inalira. Achimakiyi. Akuti ali panjira, afika mu teni minitsi, akufuna kuyesa alamu ya utsi ija ya kudenga.

Nyumbayo inali ndi khomo limodzi ndi masitepe amodzi, ndipo aliyense wotsika akanakumana naye maso ndi maso. Wina anayamba kupemphera, wina anayamba kufunafuna chikwama chake, Mai Zulu anagwira mphika wawo. Ine ndinayang'ana chipindacho monga kondakitala amayang'anira minibasi, ndipo ndinaona malo. Mukumva? Ndinaona malo ponseponse.

Ndinayamba ndi Bambo Gondwe, chifukwa ndiwo anali vuto lalitali. Ndinawaimika kuseri kwa chitseko, manja m'mwamba ngati munthu wolapa, n'kuwapachika majekete onse a alendo, m'mikono, m'mapewa, m'makutu momwe, chipewa cha ubweya kumaso, mpaka munthu wa madigiri awiri anasanduka mtengo wopachikapo zovala, ndipo atayamba kufotokoza kuti malinga ndi malamulo a dziko lino mwininyumba amayenera kupereka chidziwitso chokwanira, ndinawatseka pakamwa ndi mpango. Azimayi atatu a ku Ntcheu ndinawapinda ngati zitenje n'kuwasanja mu wadiropu, wonenepa pansi, woonda pamwamba, wapakati akugwira chitseko ndi mano. Atsikana awiri ophunzira unesi ndinawalowetsa m'makina ochapira, wina mutu kumanja wina mutu kumanzere, ndikuwachenjeza kuti asakhudze batani lililonse. Mnyamata wa ku Nsanje amene ankadandaula za kuzizira kuyambira tsiku limene anatsika ndege ndinamuika mu firiji pakati pa mkaka ndi kabichi, ndipo pambuyo pake anatuluka akunena kuti m'menemo munali mofundirapo kuposa panja. Ana a alendo ndinawasanja m'madilowa ngati masipuni, aliyense ndi bisiketi pakamwa. Ndipo mkulu wa mpingo ndinamukankhira mu chumuni, popeza nyumba zakale za ku Rathmines zili ndi malo osonkhapo moto amene anasiya kugwira ntchito kalekale, iye n'kukwera ndi zigongono mpaka mutu unatulukira padenga, pomwe mbalame ija ya kunyanja yolanda anthu tchipisi inaona dazi lake, n'kuyesa dzira, n'kukhalapo kufungatira.

Ndinati tinali 19? Ndinaiwala a kwaya. Tinali 27. A kwaya anali asanu ndi atatu, ndipo m'nyumba malo anali atayamba kuchepa, choncho ndinalumikiza zitenje zonse zimene anthu anabweretsera mwana, ndinamanga mfundo ya nkhuni, ija timamangira mtolo kuphiri, mbali imodzi ku chitsulo cha hita yotenthetsa chipinda, inayo kunja kwa zenera, n'kuwatsitsa mmodzimmodzi, a besi pamwamba chifukwa ngolemera, a sopulano pansi chifukwa ngopepuka, mpaka analendewera kutsogolo kwa nyumba ngati mikanda, mvula ikuwawaza, ndipo anthu okhala m'mwamba mwa mabasi osanjikiza aja ankaomba m'manja n'kumajambula, poyesa kuti ndi zokongoletsa za Khirisimasi zafulumira.

Musaganize kuti kubisa anthu ndi kubisa matupi okha. Amenewo ndi maganizo a munthu amene sanabisepo munthu. Pali fungo, pali mpweya. Fungo la usipa wokazinga ndinalikusa ndi thaulo kuchokera m'makona onse, ndinalikankhira mu jumbo, n'kumanga, n'kuponya pansi pa bedi likuphupha. Magalasi a zenera anali atachita thukuta ndi kupuma kwa anthu, choncho ndinalamula kuti azipuma mosinthana: ndikatsokomola kamodzi apume a mu wadiropu, kawiri a m'makina, katatu a m'bafa, amene ndinawaunjika asanu ndi awiri n'kuwafunditsa zovala zakuda. Belu linaliranso kawiri ndili mkati mwa ntchito. Anali alendo ena. Ndinawalandira, ndinawafunsa za kunyumba, ndinawaonetsa mwana, anamuyamikira mphuno, n'kuwapinda. Pomaliza ndinawerenga mumtima: 43. Mukumva? Fote-fili, m'chipinda cha anthu atatu.

Anatsala Mai Zulu. Mu wadiropu sakanalowa, pa chitenje akanazula hita ndi khoma lomwe. Ndinawayang'ana, iwo anandiyang'ana.

"Iwe mwana, usaniyangane so," anatero. "Nine nesi wamukulu ine."

"Amayi, gwadani. Ndi za mdzukulu wanu."

Anagwada, manja pansi. Ndinaika mayi mmodzi wa ku Dedza mbali iyi, wina mbali iyo kuti akhale mikono, ndinafunditsa onse nsalu ya pa bedi ya maluwa, makushoni awiri pamwamba, ndipo panaoneka sofa yoti ngakhale m'sitolo za mu tauni simungaipeze. Tadala ndinamukhazika kumapeto kwake ndi buku lake la sekasi. Mphatso ndinamubereka kumsana, ndinavala jekete lalikulu la bambo ake pamwamba, n'kukoka zipi mpaka pakhosi. Makiyi anamveka pa masitepe: wejere, wejere, wejere. Ndinali nditatsala ndi theka la miniti, moti ndinatsukanso makapu.

Achimakiyi analowa akupuma mwamphamvu, nkhope itafiira. Anavula jekete lawo lonyowa, anayang'ana uku ndi uku, n'kulipachika pa Bambo Gondwe. Anandifunsa ngati ndikuzizidwabe, poona jekete langa ndi linunda kumsana, ine ndinati bwana, magazi athu ndi a dzuwa. Anayang'ana alamu kudenga, anayang'ana pokwera, ndipo ndisanatsegule pakamwa anakwera pa sofa, mapazi onse awiri pamsana pa nesi wamkulu. Sofayo sinagwedezeke. Ndimawalemekeza Mai Zulu mpaka lero.

Anadina batani. Alamu inalira tiiii, mawu amodzi aatali, ndipo a kwaya kunja kwa zenera, anthu ozolowera kumvera, anayesa wotsogolera wawapatsa poyambira, n'kuyamba nyimbo m'mawu anayi, a besi akugunda pamwamba, a sopulano akulira pansi, mpaka mkulu wa mpingo padenga anayankha ameni kudzera mu chumuni, mwaye n'kugwa pang'ono. Achimakiyi anatembenuka. Ndinati ndi wailesi ya aneba. Anamvetsera mutu uli chopendekera, n'kunena kuti sanadziwe kuti mnyamata wa chipinda chapansi uja amapemphera.

Phokosolo linadzutsa Mphatso. Ndinamumva akukoka mpweya kumsana kwanga, kukonzekera kulira kuja kumene kumamveka mpaka ku ngalande ya kumalire a Rathmines, ndipo ndinadziwa kuti nyumba yapita. Apa ndi pamene Tadala, mwana amene amati ndimangonena zinthu, anaimirira, anakweza buku m'mwamba ngati mkulu wa chipewa uja, n'kuuza Achimakiyi mokweza kuti akufuna awawerengere za njovu. Anayamba kuwerenga, ndipo Mphatso akangoti ng'aaa, iye ankakweza mkono pamphuno n'kulira ngati njovu, mawu ake kuphimba a mng'ono wake ndendende, mwana kulira, njovu kulira, mwana kupuma, njovu kupuma, ine ndikuvina pang'onopang'ono ngati ndikusangalala ndi nkhaniyo pamene ndikutonthoza wakumsana, ndikutsokomola kamodzi, kawiri, katatu kuti anthu anga asafe.

Choipa chake, Achimakiyi anaikonda nkhaniyo. Anakhala pansi. Pa sofa. Anatenga bukulo, anayang'ana chithunzi cha tenti, maso awo n'kuchita misozi, n'kuyamba kusimba kuti ali mwana bambo awo anawatengera ku sekasi m'munda wina kumudzi kwawo, kuti kunagwa mvula, kuti kunali hatchi yoyera, kuti bambo awowo anawanyamula paphewa, ndipo anasimba za hatchiyo, za mwini hatchi, za matenda amene anapha bambo awo, mphindi makumi awiri zathunthu, akusisita mkono wa sofa, umene unali phewa la mayi wa ku Dedza. Kenaka anadzigwedeza pang'ono kuyesa kufewa kwake.

"Sofa iyi si imene ndinaikamo ine," anatero.

"Ayi bwana, iyi ndi yochokera ku Chipata."

"Ndi yofunda bwanji. Ngati ili ndi hita m'kati."

Pansi pa nsalu panatuluka kamawu, kochepa ngati ka udzudzu: "Manje uyu muzungu azanyamuka liti? Musana wanga wasila." Ndinatsokomola kanayi, chizindikiro chimene sitinagwirizane, ndipo onse 43 anapuma nthawi imodzi, makatani n'kukwera m'mwamba. Achimakiyi anati pali mphepo yolowa penapake, adzatumiza munthu.

Pomaliza ananyamuka. Anapita kukatenga jekete lawo, ndipo mtengo wa zovala, poti unaleredwa bwino, unawagwirira jeketelo kuti alowetse mkono. Iwo anati zikomo. Mtengo unagwedeza mutu.

Tsono ndiuzeni inu, otsamwa ndi chinangwa. Mkulu wa m'buku uja anali ndi sitima, matenti, oimba malipenga ndi anyamata mazana omumenyera zikhomo, zonsezo kuti aonetse anthu zinthu zimene kulibe. Imeneyo ndi ntchito? Aliyense wofuna voti amaitha. Ine ndinabisa zinthu zimene zilipo, zopuma, zotsokomola, zoti zangodya kumene nyemba, ndekha, mu teni minitsi, ndili ndi masabata atatu chichokere kuchipatala. Buku langa lili kuti? Chithunzi changa chili pa chikuto chiti?

Chabwino. Pali kanthu kamodzi kamene sindinanene ku Ongar, ndipo ndikunena pano kuti Mai Zulu asayambe ndi iwo kukanena.

Nditatsegula chitseko kuti ndiperekeze Achimakiyi, ndinaona masitepe. Tsikulo kunali mvula, m'chipinda munali kapeti, ndipo alendo anga onse anali anthu oleredwa: palibe amene akanalowa ndi matope m'nyumba ya mwana wakhanda. Aliyense anavula nsapato panja, monga timachitira tonse osauzidwa. Ndipo Bambo Gondwe, atasuzumira panja masana, poona kuti zangoti mbwee pakhomo, anazisanja bwinobwino ndi maphunziro awo onse, peya imodzi pa sitepe iliyonse, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, zonse zoloza kuchitseko changa. Munthu uja anakwera akuponda pakati pa nsapato zimenezo. Analowa akudziwa. Anapachika jekete akudziwa. Anakhala pa Mai Zulu mphindi makumi awiri akudziwa.

Anaima pamwamba pa masitepe, anatulutsa kiyi mmodzi, n'kumaloza nayo akuwerenga chapansipansi. Anafika pa leveni. Inde, mapeya leveni. Enawo ayenera kuti anabwera osavala, musandifunse ine, sindinali woyang'anira mapazi. Kenaka anayang'ana m'munsi mwa jekete langa, momwe kaphazi ka Mphatso kanali katatulukira ndi kasokosi kake kachikasu, n'kunena mofatsa kuti mwana ali ndi mawu abwino, kuposa njovu.

Patapita masabata awiri inabwera kalata yaulemu kwambiri, yonena kuti mwana wa mchemwali wawo akufuna chipindacho. Tinagona miyezi inayi pa balaza la Mai Zulu, amene m'mawa uliwonse ankagwira msana akandiona, mpaka tinapeza kuno.

Koma mukakumana nawo Achimakiyi m'misewu ya Rathmines, muwamva ndi makiyi, afunseni ngati tsiku limenelo anaona munthu ngakhale mmodzi. Nkhope, dzanja, khutu. Sanaone. Anaona nsapato. Ndipo mukabwera kudzandiyang'ana m'maso, vulani nsapato monga mwa ulemu wathu, koma mulowe nazo m'manja.